Mwana wa giredi 7 ndi mayeso a SAT: zomwe ndaona pothandiza ana athu ku Indiana

Makolo ambiri ochokera ku Malawi amene tikulera ana kuno ku America timayamba kumva za SAT, mayeso olowera kukoleji, mwana akadali ku middle school (kawirikawiri giredi 6 mpaka 8). Kawirikawiri timamva kwa mnzathu wa kuntchito, kapena kwa mayi wina potuluka m'tchalitchi, kuti wawo anayamba kale kukonzekera. Tikangomva choncho mtima umakhala m'mwamba. Ifetu tinakulira kumene mayeso a Sitandade 8 ankagamula ngati munthu upita kusekondale kapena ubwereza, ndiye tikamva za mayeso olowera kukoleji maganizo amathamangira ku zomwe timadziwa: mulu wa mapepala a mayeso akale, kudzuka tambala woyamba, mapazi m'beseni la madzi ozizira pothamangitsa tulo, ndi patitaimu madzulo aliwonse.

Ine ndinkaphunzitsa masamu kusekondale ndisanasamukire kuno kumpoto kwa Indiana. Panopa ndimagwira ntchito ina, koma Loweruka m'mawa ndimakhala ndi ana a anzathu a giredi 7 ndi 8 m'kachipinda ka mulaibulale ya m'tauni mwathu, ndipo mwana wanga wamkulu anayenda njira yonseyi mpaka analowa koleji. Zomwe ndalemba apa ndi zimene ndimauza makolo akandiimbira foni, kungoti pafoni nthawi imachepa.

Mayeso a SAT amakonzedwa ndi bungwe la College Board. Kuyambira mu Marichi 2024 ana kuno amawalemba pa kompyuta, kudzera mu pulogalamu yotchedwa Bluebook. Amatenga maola awiri ndi mphindi 14, ndipo mafunso onse ndi 98. Gawo la kuwerenga ndi kulemba lili ndi mafunso 54 pa mphindi 64, la masamu lili ndi mafunso 44 pa mphindi 70. Malikisi a gawo lililonse amayambira 200 kulekeza 800, ndiye onse pamodzi amakhala pakati pa 400 ndi 1600. Agogo kumudzi akamva kuti mdzukulu wapeza 1200 amagwira pakamwa, popeza pa MSCE wokhoza bwino ndi amene ali ndi mapointi ochepa, koma kuno ochuluka ndiwo abwino. Palinso ACT, imene inayamba mu 1959 ku Iowa ndipo malikisi ake amayambira 1 kulekeza 36. Makoleji amalandira mayeso alionse mwa awiriwa. Ku Indiana timakamba kwambiri za SAT chifukwa kuyambira 2022 ana a giredi 11 m'masukulu a boma amalemba mayesowa pasukulu pawo pomwepo, kholo osalipira kanthu.

Mwamva kuti giredi 11. Mwana wa giredi 7 watsala ndi zaka zinayi zathunthu, ndipo masamu ambiri amene adzafunsidwe sanawaonepo n'kamodzi komwe.

Nanga chizolowezi cholembetsa ana aang'ono chinachokera kuti? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wina wa pa Johns Hopkins University, Julian Stanley, anakumana ndi mnyamata wa zaka 13 amene masamu a m'kalasi mwake ankamuchepera kwambiri. Anamupatsa SAT, mayeso a ana omaliza high school, ndipo mnyamatayo anakhoza modabwitsa. Mu 1971 Stanley anayambitsa kafukufuku wa ana otere, ndipo mu 1979 Center for Talented Youth inatsegulidwa pa yunivesite yomweyo. Duke University inayambitsa pulogalamu yake mu 1980, ngakhale kuti inasiya kusaka ana mwa njira imeneyi mu 2020, ndipo kudera lathu lino la Midwest ntchitoyi imadziwika ndi Northwestern University. Ganizo lake linali losavuta. Ana khumi akakhoza mafunso onse pa mayeso a kalasi lawo, simungadziwe amene wangofika pamenepo ndi amene ali patali kale. Mukawapatsa mayeso a akuluakulu awo, kusiyana kumaonekera, ndipo mumadziwa mwana amene akufunika kupatsidwa ntchito yokulirapo.

Choncho SAT ya mwana wa giredi 7 ndi muyeso chabe, silowetsa munthu kukoleji. Ndipo muyeso umaonongeka mukaukonzekera mopitirira. Kulowezetsa mwana njira zachidule kwa miyezi kuti nambala ikwere kuli ngati kumuika miyala m'thumba popita naye kusikelo: adzalemba kilo yokwera pakhadi, koma mwanayo sananenepe.

Panali mnyamata wina m'gulu langa amene bambo ake anamugulira chibuku chachikulu chokonzekera SAT ali giredi 7. Madzulo aliwonse akaweruka ankamukhazika patebulo, wotchi pambali. Mwanayo anali wochenjera ndithu, moti analoweza kuti yankho likakusowa uzilowetsa mayankho onse anayi mu funso mpaka limodzi likwane. Atalemba, malikisi anatuluka a m'ma 900. Bambo aja anandipeza nkhope ili yakugwa. "Aphunzitsi, mwana uyu watichititsa manyazi. Nthawi yonse ija taononga pachabe?" Ndinawauza kuti, "Bambo, ana omaliza giredi 12 dziko lonse lino, mukaphatikiza malikisi awo n'kugawa, amangopitirira 1000 pang'ono. Wanuyu ali ndi zaka 12. Mukapite naye kukadya ayisikilimu." Anaseka, koma sanakhutire. Chomwe chinandiwawa ine n'chakuti pofika giredi 9 mnyamatayo ankati akangoona funso la mayankho anayi amayamba kulotera, osafuna kuganiza. Zinatenga nthawi yaitali kuti ayambirenso kulemba njira yonse papepala.

Ngati mukufuna malo oikapo mphamvu zanu, pitani ku ofesi ya mlangizi wa ana pasukulu mukafunse kuti mwana wanu amuika m'kalasi liti la masamu. Nkhaniyi makolo athu ambiri saidziwa, chifukwa kwathu aliyense wa Fomu 1 amaphunzira silabasi imodzi. Kuno ana a giredi imodzi amagawidwa m'njira zosiyana, ndipo kugawako kumachitika mwakachetechete cha kumapeto kwa giredi 5 kapena 6, potengera malikisi a mayeso a boma monga ILEARN, timayeso ta pa kompyuta timene amalemba mkati mwa chaka, ndi ndemanga ya mphunzitsi. Mwana amene watenga Algebra I ali giredi 8 amachita Geometry mu giredi 9, Algebra II mu giredi 10, ndipo akamalemba SAT mu giredi 11 amakhala atamaliza kale pafupifupi zonse zimene zimafunsidwa. Amene wayamba Algebra I mu giredi 9 amalemba SAT ali mkati mwa Algebra II, mitu ina asanaifike. Mwa mafunso khumi aliwonse a masamu pa SAT, pafupifupi asanu ndi awiri ndi a algebra, yoyambira ndi yapamwamba yomwe. Otsalawo ndi a maperesenti, ma graph, ziwerengero, ndi geometry pang'ono. Ndiye onani nokha kumene malikisi amachokera.

Mwana wanga wamkulu anaikidwa m'njira yapakati atangolowa giredi 6, mwina chifukwa tinali titangofika kumene ndipo pafomu tinalemba kuti kunyumba timayankhula Chichewa. Palibe amene anatiuza. Ndinazindikira nditaona kuti homuweki yake amamaliza asanavule n'komwe nsapato. Ndinalemba kalata yaulemu kwa mlangizi kupempha kuti amuyesenso, anamuyesa, ndipo chaka chotsatira anamukweza. Kholo lili ndi ufulu wofunsa, ndipo kuno kufunsa sakuyesa mwano. Ife timachita manyazi, timati aphunzitsi akudziwa zimene akuchita. Amadziwa inde, koma ali ndi ana ochuluka, ndipo amene makolo ake amafunsa ndi amene amaonedwa kachiwiri.

Komabe musakankhe mwana amene sanakonzeke. M'masukulu ambiri malikisi a Algebra I ya ku middle school amalowa pa lipoti la ku high school limene makoleji adzaone. Kupatula apo, algebra yomangidwa pa ma fraction ogwedera imagwa ikafika Algebra II. Ine mwana watsopano akabwera Loweruka sindiyamba ndi x. Ndimamufunsa kuti chachikulu n'chiti pakati pa 3/8 ndi 2/5, ndipo afotokoze popanda calculator. Ndimamufunsa kuti nsapato ya madola 100 ikakwera mtengo ndi 20 peresenti, kenako n'kutsitsidwa ndi 20 peresenti, igulidwa ndalama zingati. Ambiri amayankha mwachangu kuti 100. Yankho ndi 96, ndipo mwana amene angakuuzeni chifukwa chake ndi wokonzeka kupita patsogolo. Amene sangathe, mupatseni chaka china pa ma fraction, ma ratio ndi manambala a negative. Chaka chimenecho sichinatayike.

Funso lina limene ndimalikonda ndi ili: ngati 3x + 7 = 25, kodi 6x + 14 ndi zingati? Mwana wozolowera kuloweza amayamba kuchotsera 7, kugawa ndi 3, kupeza 6, kenako kubwezera. Amafika pa 50, ndipo wakhoza. Koma tsiku lina mtsikana wina wachete kwambiri, amene sankakweza dzanja, anangoti, "Anti, mbali yachiwiriyo ndi yoyamba ija kuchulukitsa kawiri, ndiye ndi 50." Diso limeneli ndi limene SAT imafuna, ndipo silibwera ndi wotchi. Limabwera mwana akapatsidwa mafunso ochepa n'kumufunsa kuti, "Palibe njira ina?" Pa Loweruka limodzi tikhoza kuchita mafunso asanu okha, koma lililonse m'njira ziwiri kapena zitatu, ndipo mwana aimirire afotokozere anzake.

Gawo la kuwerenga ndi limene limapweteka ana athu kwambiri, ndipo ndi limene silikwera msanga. Masamu mutha kuwakonza m'miyezi ingapo mwana ali giredi 10. Kuwerenga ayi. Pa mayeso a masiku ano ndime ndi zifupizifupi, za mawu 25 mpaka 150, ndipo iliyonse ili ndi funso limodzi. Zimaoneka zophweka, koma mwana ali ndi mphindi imodzi ndi masekondi ochepa kuti awerenge kandime ka sayansi ya zomera, ayankhe, kenako alumphire pa ndakatulo yakale, kenako pa nkhani ya zachuma yokhala ndi graph pambali. Mafunso ena amafuna liwu loyenera pampata, ena amafuna kudziwa ngati ziganizo ziwiri zilumikizidwe ndi however, therefore kapena for instance, ena ndi a malo oika comma ndi semicolon. Mwana amene wakhala akuwerenga zinthu zosiyanasiyana kwa zaka amamva yankho m'khutu asanaganize za lamulo.

Apa ndipomwe zaka za giredi 7 ndi 8 zili ndi phindu lenileni. Khadi la ku laibulale ndi laulere. Lamulo lathu kunyumba linali lakuti foni imagona kukhitchini, ndipo theka la ola lomaliza munthu asanagone ndi la buku. Buku asankhe yekha, ngakhale la zithunzi, koma pa mabuku atatu aliwonse limodzi likhale la nkhani zoona: mbiri ya munthu, za nyenyezi, za matenda, za nkhondo, za mpira. Loweruka ndimabweretsa nkhani imodzi ya m'magazini ya sayansi kapena ya m'nyuzipepala, tiwerenge limodzi, kenako aliyense anene m'chiganizo chimodzi chokha chimene wolembayo akufuna kunena, ndi mzere umene ukutsimikiza zimenezo. Poyamba amangobwereza nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Pakapita miyezi amayamba kutsutsana okhaokha, wina n'kumati, "Zimenezo sizinalembedwe, wangoganiza iwe." Akafika pamenepo ndimadziwa kuti zayamba kulowa, chifukwa mayankho olakwika pa SAT nthawi zambiri amakhala zinthu zomveka bwino koma zimene ndimeyo sinanene.

Mayi wina anandifunsapo ngati asiye kuyankhula Chichewa panyumba kuti Chingerezi cha mwana chikule. Ndinawaletsa. Chingerezi chapakamwa mwana amachitola kusukulu tsiku lonse, ndipo posachedwa adzayamba kukonza chanu. Chomwe akusowa ndi Chingerezi cha m'mabuku, ndipo chimenecho sichichokera pa kucheza kwa pa chakudya chamadzulo, kaya m'chiyankhulo chanji. Mukasiya Chichewa mungomulanda agogo ake, malikisi osakwera.

Za kagwiridwe ka mayeso enieniwo sizifuna nthawi yambiri, koma mwana azidziwe. Gawo lililonse lili ndi zigawo ziwiri. Choyamba chimakhala ndi mafunso osakaniza, ndipo mmene mwana wachitira pamenepo ndi zimene zimagamula ngati chachiwiri chikhale chovuta kapena chosavuta. Amene wapatsidwa chosavuta sangafike pa malikisi apamwamba ngakhale akhoze onse. Ndiye kuthamanga ndi kuphonya mafunso ophweka koyambirira kumadula kwambiri. Kulakwa sachotsera malikisi, choncho asasiye funso lopanda yankho. Calculator imaloledwa pa masamu onse, ndipo mu Bluebook muli kale ya Desmos, imene imajambula ma graph. Desmos ndi yaulere pa intaneti, ndipo ndimalola ana a giredi 8 kusewera nayo: alembe y = 2x + 1, asinthe 2 akhale 5, aone mzere ukuimirira. Amaphunzira slope m'mphindi zochepa kusiyana ndi mmene ine ndinkavutikira ndi choko ndi rula yamatabwa pabolodi. Pafupifupi funso limodzi mwa anayi a masamu lilibe mayankho osankha, mwana amalemba yekha nambala, ndiye uja woloweza njira yolowetsa mayankho amathedwa nzeru pamenepo.

Kodi alembe kapena asalembe ali giredi 7 kapena 8? Ana ambiri safunika kutero. Ngati sukulu yanu imapereka PSAT 8/9, imeneyo ndi yokwanira: anaikonzera msinkhu wawo, kapangidwe kake n'kofanana ndi SAT, malikisi ake amayambira 240 kulekeza 1440, ndipo lipoti lake limasonyeza pamene pali pofooka. SAT yeniyeni ndimailimbikitsa kwa mwana amene mayeso a kalasi lake amakhoza pafupifupi onse chaka ndi chaka, amene akudandaula kuti kusukulu akutopa n'kubwereza, ndipo iye mwini akufuna kuyesa. Malikisi abwino pa msinkhu umenewu amatha kumutsegulira makalasi apadera a nthawi ya holide kapena a pa intaneti, komanso amakupatsani pepala loti mukaonetse kwa mlangizi popempha kuti amukweze kalasi. Kukonzekera kwake kukhale kochepa. Alembe mayeso oyeserera amodzi athunthu mu Bluebook, ali aulere, m'mawa wa Loweruka, pa laputopu imene adzagwiritse ntchito, kenako muone naye limodzi zimene walakwa. Akafuna kuonjezera, Khan Academy yakhala ikupereka maphunziro a SAT aulere mogwirizana ndi College Board kuyambira 2015. Ndalama za makalasi olipira sungani, mwina zidzafunika ali giredi 10 kapena 11.

Mumuuziretu kuti akakumana ndi mafunso amene sanaphunzirepo, ndipo zimenezo si vuto lake. Mwana wozolowera kupeza ma A akaona funso la trigonometry kwa nthawi yoyamba amatha kulira m'chipinda cha mayeso, atazunguliridwa ndi anyamata a ndevu. Wanga wamng'ono ndinamuuza kuti, "Ukapeza lachilendo, sankha yankho lililonse, uike chizindikiro, upitirire. Ukatuluka undiuze funso limene lakusangalatsa." Anatuluka ali ndi njala, nkhani yake inali ya mtsikana amene laputopu inamuthera batire.

Pali tinthu tina ta kalembera. Mwana wosakwana zaka 13 satsegula yekha akaunti pa intaneti, ndiye kholo muyambe msanga kufunsa njira yake. Mtengo wa mayeso ndi pafupifupi madola 70, ndipo chithandizo chokhululukira mabanja opeza zochepa ndi cha ana a giredi 11 ndi 12 okha. Musaope kuti malikisi otsika adzamutsata: College Board imachotsa malikisi a mwana amene walemba ali giredi 8 kapena kutsika chaka cha sukulu chikatha, pokhapokha mutapempha kuti awasunge. Akakhoza bwino kwambiri, kumbukirani kupempha chakacho chisanathe.

Ena amati mayesowa anatha ntchito chifukwa makoleji ambiri anasiya kuwakakamiza nthawi ya Covid mu 2020. N'zoona kuti ambiri mpaka pano amalola mwana kusankha kutumiza kapena ayi, ndipo University of California siyang'anako n'komwe. Koma MIT inabwezeretsa lamuloli mu 2022, Purdue ya kuno kwathu ku Indiana inachitanso chimodzimodzi, ndipo mu 2024 Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard analengeza zobwerera ku mayeso. Mwana amene ali giredi 7 lero adzafunsira malo patapita zaka zisanu, ndipo malamulo adzakhala atasinthanso. Ndi bwino adzakhale ndi malikisi m'manja, adzasankhe yekha kuwatumiza kapena kuwasunga. Kumbukiraninso kuti PSAT/NMSQT, mayeso ofanana ndi SAT a mu Okutobala wa giredi 11, ndi amene amalowetsa ana mu mpikisano wa ndalama zothandizira maphunziro wotchedwa National Merit Scholarship, ndiye tsiku loyamba lofunika limafika miyezi ingapo SAT ya kusukulu isanakwane.

Kwa a ku Indiana, pali chinthu china chimene chimachitika mu giredi 7 ndi 8 momwemu ndipo chingakupulumutseni ndalama zambiri kuposa malikisi alionse. Pulogalamu ya boma ya 21st Century Scholars, imene inayamba mu 1990, imalipira fizi mpaka zaka zinayi pa makoleji a boma a m'chigawo chino kwa ana a m'mabanja opeza zochepa, bola mwana akwaniritse zofunika zake, kuphatikizapo avereji ya malikisi (GPA) yosachepera 2.5 ku high school. Kuyambira 2023 ana oyenera amalowetsedwa okha popanda kholo kulemba fomu, koma pali zofunika zokhudza ndalama zimene banja limapeza komanso mapepala okhalira m'dziko muno, ndipo mayina ena amatha kudumphidwa. Mukapita kwa mlangizi uja kukafunsa za kalasi la masamu, mufunsenso ngati dzina la mwana wanu lili pa mndandanda umenewu, ndipo muchite zimenezi asanamalize giredi 8.